Mwaye wa M'mutu mwa Galu

Imani kaye inu owerenga, ndikuponyereni chilapi musanapite patali. Kanyumba kanga kalibe khomo, kalibe zenera, dzuwa silinalowemo chikhalire, koma kamadziwa kuti kunja kwacha. Moto sunasonkhedwemo, koma pansi pake pali mwaye. N'chiyani? Musati dzira, aliyense amathamangira dzira. Musatinso manda, a kumanda sadziwa kuti kwacha. Mwagonja? Ng'ombe yanu sungani, ndilibe mano oidyera. Ndi kanjere kamene kamakhala pakatikati pa ubongo wa galu, kochepa ngati njere ya mpunga. Ine ndinakaona ndi maso angawa, ndipo chifukwa cha kanjere kameneko ndinayenda zaka zosawerengeka ndi ntchito imodzi yokha, yoonetsetsa kuti mutu wa galu wina usachoke pakhosi pake.

Kusukulu ndinangopitako kukaona mtundu wa belu, ndiye mukapeza mawu ena atakhota, muwawongole nokha.

Zinayamba ndi mutu wina. Mchimwene wanga anali ndi mwana wamkazi, Dorika, kamtsikana kamene kankanditsata paliponse ngati mchira. Kanaphunzira kunena kuti azakhali kasanaphunzire kunena kuti amayi, ndipo alamu anga sanandikhululukire. Tsiku lina Dorika akuchokera kuchigayo, galu wachilendo anamuluma pakatumba. Amuna anamupitikitsa galuyo mpaka kudambo, nakamuphera komweko. Mlangizi wa ziweto anati mutu upite kutauni, kumene amatsegula ubongo n'kuona ngati muli chiwewe. Majakisoni anali osowa chaka chimenecho, ndipo ochepa amene analipo ankabaya okhawo amene mutu wa galu wawachitira umboni. Anasankha ine, poti ndinalibe mwamuna womuphikira kapena munda woulirira.

Mutuwo anauika m'chitini cha mafuta ophikira, nathiramo mchere ndi utuchi wonyowa, namanga pakamwa ndi mphira. Basi yoyamba inanditenga. Titangodutsa mlatho, kondakitala ananunkhiza m'mwamba, nanunkhiza pansi, kenaka anadzaima pamene ndinakhala ine.

"Mayi, inu mukhoza kukwera, koma mnzanuyo ayende pansi."

Ndinamuuza kuti mnzangayo miyendo anaisiya kudambo. Anthu anaseka, koma ananditsitsabe. Basi yachiwiri sinaime n'komwe. Ndikuganiza fungo linali litafika kale pasiteji ine ndisanafike.

Ndinasenza chitini changa n'kuuyamba wapansi. Midzi ya njira imeneyo inali yofanana ngati ana a mimba imodzi: mjigo, mtengo wa mango, tchalitchi chosafolera. Pamjigo paliponse amayi ankasuntha ndowa zawo osandifunsa kanthu. Agalu a mudzi uliwonse ankandiperekeza mwakachetechete mpaka kumalire, n'kundisiya m'manja mwa agalu a mudzi wotsatira, monga anthu amalandizirana maliro. Palibe ndi mmodzi yemwe anauwa.

Ndinafika m'tauni ya njanji, kumene njanji inalipo koma sitima sindinaionepo. Nyumba yoyezera mitu inali kuseri kwa nyumba yophera ng'ombe. M'menemo munali mayi wamtali wa chovala choyera, dzina lawo Mayi Kalilangwe. Anatsegula chitini, nayang'ana, natsekanso pang'onopang'ono monga amatsekera chitseko cha wodwala. Anati ndachedwa, ubongo wasanduka phala, palibe chimene chingawerengeke. Anati ndibwerere msanga, mwanayo apite naye kuboma, iwo aimba lamya kuti amubaye ngakhale popanda umboni.

Pageti ndinakumana ndi bambo wa kwathu amene anabwera kudzagulitsa mbuzi. Anandipepesa maliro. Ine ndinkayesa ndayenda masiku ochepa, iye anati kwathu anakolola kale. Anati masiku omaliza Dorika ankalira akaona madzi, mpaka amayi ake anatulutsa mtsuko m'nyumba. Anatinso ankafunsafunsa ngati azakhali afika.

Ndinayamba ulendo wa kwathu. Ndinayenda tsiku lonse, dzuwa lili kumsana, madzulo n'kupezeka ndaima pageti lomwe lija. Ndinayesa njira ina, zomwezo. Mayi Kalilangwe anandipeza ndili chiimire, nandipatsa tsache.

Umo ndi mmene ndinaphunzirira ntchito yoyamba. Mitu inkabwera m'zitini, m'majumbo, wina unabwera m'chikwama cha mwana wasukulu. Ntchito imene anawaikira mayiwo inali yoyang'ana chiwewe basi. Koma mutu ukapezeka wopanda matenda sankautaya msanga. Ankagawa ubongo pakati ngati papaya, n'kulowetsa kampeni pansi, pamene mbali ziwiri zimakumana, n'kutulutsa kanjere kaja. Ankakaviika m'mankhwala oliza maso mpaka kaume gwa, kenaka n'kukakwirira m'phula lotentha ngati la kandulo. Phula likazizira ankaliika pamakina okhala ndi lumo, n'kumapukusa chogwirira, ndipo tizidutswa tinkatuluka topyapyala kuposa khoko la anyezi, tolumikizana ngati kansalu. Munthu ukapumira pafupi tinkauluka. Anandiletsa kuseka m'chipinda chimenecho, ndipo pa ntchito yonse chovuta chinali chimenecho. Tizidutswato tinkatiyandamitsa pamadzi ofunda kuti tiwongoke, n'kutitola ndi kagalasi, n'kutinyika mu utoto, wina wofiira, wina wabuluu.

Tsiku limene anandilola kusuzumira m'makina okuzira zinthu, amene iwo ankati maikulosikopu, ndinayamba ndaona nsidze zanga zokha. Anandigwira mutu n'kuuweramitsa pang'ono. Pamenepo ndinaona mudzi, monga umaonekera munthu uli pamwamba pa phiri. Tinyumba tothinana, kalikonse kali ndi kamwala kake kozungulira pakati, ndi tinjira ta magazi tikudutsa apa ndi apo. Tinyumba timeneto ankati maselo. Tambiri tinali totuwa, tofanana, ta anthu wamba. Kenaka anasuntha kagalasi kuti ndione kumunsi kwa mudziwo, kufupi ndi tsinde limene kanjere kamagwirira ubongo. Kumeneko kunali tinyumba tina takuda, titaunjikana timagulu timagulu ngati anthu a pasiwa, tina titatambasula timanja pakati pa tinzawo. Atakuza kwambiri ndinaona kuti kuda kwake si kochita kupaka. M'kati mwa kalikonse munali timibulu, ngati fodya wa mphuno atatayikira pamphasa.

Ndinafunsa ngati ndi matenda. Anati ayi, agalu abwinobwino amene anawatsegula anali nawo. Ndinafunsa ngati si utoto wathu womwe. Anandionetsa kagalasi kosanyika, mwaye ulipo. Akathira mankhwala a siliva unkada bii, akathira mankhwala oyeretsa unkachoka, tinyumba n'kutsala mbee ngati mwasesedwa. Anati kuda kumeneku n'komwe kuli pakhungu langa ndi m'tsitsi langa, chinthu chimodzi. Ndinati zapakhungu ndikuzimva, pamafika dzuwa, nanga m'kati mwa chigaza akubisala ndani?

Pakhoma panali chithunzi chochokera kumakina ena aakulu, a kutali, okuza kuposa athu. Pamenepo timibulu tinkaoneka ngati mabulosi a panthambi imodzi: tina tikadali toyera ndi timizere, tina tayamba kupsa, tina tapsa kale. Anati ana agalu ongobadwa kumene alibe, mwaye umayamba kuoneka cha nthawi imene amatsegula maso, ndipo umanka nuwonjezeka galu akamakula. Ndinafunsa ngati anthufe tili nako kanjereko. Anati tili nako, koma mwa ife akuluakulu kawirikawiri mumaunjikana timiyala ngati mchenga. Ndinati basi, ndadziwa chimene chimandilemera ndikamadzuka. Ntchito ya kanjereko ankaidziwa: kamamva kuchokera kumaso ngati kunja kuli kuwala kapena mdima, n'kuuza thupi lonse kudzera m'magazi. Koma tinyumba takudato, ntchito yake?

"Sindikudziwa, azakhali," anatero. "N'chifukwa chake ndimadula."

Ine ndinawauza kuti yankho n'losavuta. Galu amagona panja, amalondera mdima, ndiye mdima wina amautapa n'kusunga, pang'ono pang'ono, monga mayi amabisira ufa wa mawa. Anaseka mpaka tizidutswa tinauluka. Kenaka anasiya kuseka, nati zimenezo ndisamazinene kunja, anthu ali ndi njala ya zokhulupirira.

Agalu ena ankabwera amoyo. Ankawatsekera m'makola a waya kuti aone ngati apenga. Mmodzi anali wofiira, wa khutu limodzi logwa, amene anamunamizira kuti waluma mwana wa wogulitsa nyama. Sanapenge, ndipo mwini wake sanabwere. Anzake ankalowa ndi miyendo n'kutuluka pamagalasi, iye ali pomwepo, ndiye ndinamutcha Ndatsala.

Kenaka magetsi anayamba kuthimathima, phula linatha, ndipo Mayi Kalilangwe anayamba kuonda. Chovala choyera chinkawakulira mwezi ndi mwezi. Tsiku limene abale awo anabwera kudzawatenga, nyumba ija inatsekedwa, ndipo panabwera lamulo loti agalu otsala aphedwe. Mayi Kalilangwe anapita okha kukhola, akugwira khoma, namanga chingwe m'khosi mwa Ndatsala, nandipatsa.

"Ndaona m'kati mwa agalu ambiri," anatero. "Uyu yekha asaonedwe."

Ndinawalonjeza. Sindinawaonenso.

Ulendo uno geti linandilola kupita. Tinafika m'tauni ya atelala, kumene makina osokera ankalira m'khonde lililonse. Ndinapeza ntchito kwa mayi wina wonyika nsalu za anamfedwa m'mgolo. Kumeneko ndinaphunzira kuti kuda si kumodzi. Kulipo kochoka ndi mvula yoyamba, kulipo kobisa kufiira pansi pake, ndiye kulipo kokhalitsa kuposa chisoni cha mwini nsalu. Zikhato zanga zinada mpaka zinafanana ndi kuseri kwake.

M'tauni imeneyo galu wina analuma mwana pafupi ndi chigayo. Anthu anafunafuna galu wachilendo, napeza wanga atagona pafupi ndi mgolo. Anabwera ndi nkhwangwa ndi chitini. Chitinicho ndinachizindikira, ngakhale sichinali chomwe chija. Ndinawauza kuti mwanayo athamange naye kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire mutu wa wina aliyense. Ife atimangirire tonse awiri pamtengo, atiyang'anire, ndipo woyamba kuchita thovu kukamwa amudule. Ndinawachenjeza kuti mwina ndikhala ine, poti ndinayamba kale. Anatimangadi. Masiku oyamba ankabwera ambiri kudzaonerera, kenaka ana okha, kenaka mbuzi. Mmawa wina ndinamasula mfundo ndekha, tinanyamuka. Za mwanayo sindinamve.

Kamodzi kokha njira inalakwitsa n'kundifikitsa kwathu. Ndinazindikira chigayo, ngakhale chinali chitasiya kulira. Mchimwene wanga anali atakalamba kundiposa, chonsecho wamkulu ndine. Anandilonjera ngati mlendo, kenaka anandiyang'anitsitsa, nati achemwali. Alamu anga anatuluka ndi madzi akumwa, ataona Ndatsala anawathira pansi. Anati ndinachoka ndi mutu wa galu, ndabwera ndi galu yense, nanga mwana wawo ndamubweretsera chiyani?  Mchimwene wanga anandiperekeza kumanda. Mtumbira unali utaphwa, pamwamba pali kambale kake kobooledwa. Ine ndinakhala pansi, Ndatsala anaima patali, kunja kwa mitengo, ngati akudziwa mwambo.

Pobwerera mchimwene wanga anandiuza mofatsa kuti nyumba ya malemu amayi ilipo, ndikhoza kukhalamo mpaka imfa, koma pakhomo pake galu sapondapo chimwalirire Dorika. Anati sindiyenera kuona, akamutengera yekha kudambo. Ndinayang'ana nyumba ya amayi, denga lake likadali labwino. Ndinamuuza kuti denga lotere lingandizoloweretse zoipa. Anandipatsa chinangwa cha panjira, ndipo sanandiperekeze.

Tinafika m'tauni ya mipanda, kumene nyumba sizioneka, zimangooneka zidutswa za mabotolo pamwamba pa makoma. Geti lililonse linali ndi mlonda wake. Ndinkawagulitsa tiyi mmawa akamaweruka, pansi pa mtengo wa bulugamu. Anali amuna otopa, a maso ofiira, ena a zipsera za zikwanje m'mutu. Chimene ankaopa si wakuba kwenikweni, koma kuti wakuba amawaona iwo osamuona. Mmawa wina anabwera ali chete, atangoika mnzawo m'manda dzulo lake. Kuti ndiwaseketse ndinawauza za mwaye uja, ndi zoti galu amasunga mdima, wokalamba ndiye nkhokwe yake imakhala yodzaza. Anaseka pang'ono, namwa tiyi wawo.

Mmodzi sanaseke. Dzina lake anali Chidyaonga, mlonda amene anali atangochotsedwa ntchito chifukwa akuba anamuvula nsapato ali m'tulo. Iye ankati anawalola dala, kuti akawalondole ndi mapazi a nsapato zake zomwe. Anandifunsa kuti kanjereko kali pati penipeni, ndi kuti galu wokalamba kwambiri amadziwika bwanji. Ankayankhula ndi ine koma maso ali pa Ndatsala, amene nthawi imeneyo imvi zinali zitayamba kumera kukamwa. Tinachoka m'tauni imeneyo ketulo ikadali yofunda.

Pambuyo pake nthano yanga inayamba kunditsogolera panjira. Ndikafika pamudzi ndinkaipeza itafika kale, itanenepa. Ankandiuza ine mwini wake kuti m'mutu mwa galu wokalamba muli kanjere, ukakaumitsa, n'kukasinja, n'kunyambita, mdima umasanduka masana. Ankati anatulukira ndi sing'anga wamkulu, a Chidyaonga. Ndikati n'zabodza, ndinapeka ndine pa tiyi, ankandiyang'ana mwachisoni, nati agogo, zinthu za masiku ano simungazimve.

Midzi inali yomwe ija: mjigo, mango, tchalitchi chosafolera. Koma agalu ondiperekeza kumalire panalibe. M'ngalande za m'mbali mwa msewu munali matupi opanda mitu, ntchentche zitadzaza. Ena anagulitsidwa ndi eni ake, ena anabedwa. Pamudzi wina ndinapeza bambo wakhungu atakhala pakhonde, chingwe chili m'manja, kumapeto kwake kulibe kanthu. Atamva zikhadabo za Ndatsala panthaka anaimirira, naitana dzina la galu wina. Anaitanabe mpaka tinakhota.

Ndinali nditasunga kabotolo ka utoto wa nsalu za anamfedwa. Mmawa uliwonse ndinkapaka imvi za Ndatsala kuti azioneka mnyamata. Mayendedwe anali a nkhalamba, nkhope ya mnyamata, ngati amuna ena amene ndikuwadziwa.

Miyendo yake itayamba kukana, tinaima pa esiteti ya fodya. Ine ndinkasoka masamba a fodya pandodo pamodzi ndi akazi a matenanti. Ndatsala ankagona tsiku lonse kuseri kwa balani yakale, nyumba yaitali yopanda zenera imene kale ankaumitsiramo fodya ndi moto. Motowo ankausonkha panja, m'ng'anjo, kutentha n'kumalowa m'kati kudzera m'mapaipi aakulu a malata oyalidwa pansi. Balaniyo inali itasiyidwa, mapaipi atadyeka ndi dzimbiri, ndipo Ndatsala ankakonda kulowa m'ng'anjo kukagona paphulusa. Masiku ena ndinkamumva akuyetsemulira m'kati mwa balani, chitseko chili chotseka.

Chidyaonga anafika nthawi ya mvula, atanenepa, atavala jekete ndi magalasi akuda. Ankati masana amamupweteka tsopano, poti maso ake anazolowera zinthu zakuya. Anaitanidwa ndi kapitawo wa esiteti, chifukwa fodya ankabedwa ndipo alonda ankafuna mankhwala. Anaima pabwalo n'kumatchula zimene anaonapo mumdima: singano pansi pa chitsime, nyerere yakuda pamakala, mfiti zikukangana pogawana nyama. Anati wanyambita mitu yambiri mwakuti akatsinzina ndi pamene amaona bwino koposa. Koma ufa unali utamuthera, ndipo agalu okalamba anali atasowa m'dziko.

Tsiku limenelo mvula inagwa mmawa, ndipo utoto wanga unali wa mtundu uja wosapirira madzi. Ndatsala anatulukira pabwalo kukamwa kuli mbuu.

"Azakhali a tiyi," anatero Chidyaonga, akutsitsa magalasi. "Takumananso. Mwandisungira bwino."

Kapitawo anati pa esiteti munthu waganyu saloledwa kuweta galu, choncho galuyo ndi wa esiteti. Anatuma munthu kukatenga chikwanje. Kothawira kunalibe, Ndatsala sakanafika ndi pamsewu pomwe. Ndinagwada, poti maondo ndinali nawo.

"Bwana kapitawo, inu fodya simumulandira musanamutambasule. Abambowa akuti amaona mumdima. Mdima ulipo apa, m'balani. Galu alowe, iwo alowe ndi chingwe, mutseke. Akatuluka naye mutu ndi wawo, ndipo miyendo ndigwira ndine."

Kapitawoyo anali munthu wosakhulupirira ngakhale sikelo yake yomwe, ndiye anavomera. Chidyaonga anaseka, nati zimenezo n'zoyesera ana. Ndinamunyamula Ndatsala ndekha n'kukamuika pakati pa balani. Anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Sindinadziwe ngati akumbukira njira yake ya m'mapaipi, kapena ngati chiuno chake chilola, poti mlungu umenewo anali atalephera kukwera ndi khonde lomwe. Ananyambita dzanja langa. Ndinatuluka, Chidyaonga analowa, anthu anatseka chitseko n'kutsekera mipata yonse ndi ziguduli.

Tinakhala pamthunzi, mbali ya ng'anjo. Mvula inali itakata, dzuwa lili paliwombo. M'kati munamveka mapazi, kenaka mutu ukugunda mtengo, kenaka mawu oti palibe kanthu, akungoyesa mitengo ngati ili yolimba. Kenaka anafuula kuti wamuona, ali pangodya, akunjenjemera. M'ng'anjo munali zii. Ndinayang'ana pakamwa pake pakudapo mpaka maso anachita misozi. Munthu wa chikwanje anali atabwera nacho, akuchinola pamwala pang'onopang'ono. Panapita nthawi yoti mayi akhoza kusoka ndodo yonse ya fodya. Kenaka phulusa linasuntha. Kunatuluka mphuno, kenaka khutu logwa, kenaka galu yense, akudzikoka ndi miyendo yakutsogolo, woyera ngati mzukwa. Anafika pamene ndinakhala, nagwera pamapazi anga.

Mayi wina anayamba kuseka. Kapitawo anakweza dzanja kuti aliyense akhale chete, nayandikira chitseko.

"Achimwene, mukumuonabe?"

"Ngati masana, bwana. Nthiti zake ndikuziwerenga."

"Akutani tsopano?"

"Wakhala pansi. Akundiyang'ana. Akudziwa kuti zake zada."

Akazi anali ataluma nsalu zawo kuti asaseke. Ine ndinapempha Chidyaonga kuti andionereko ngati utoto wonse wachoka kukamwa, iye anati watsala pang'ono kumanzere. Alonda amene anali atanyambitapo ufa wake m'malo ena sankaseka. Mmodzi analavula pansi, napukuta lilime ndi malaya. Chidyaonga anapitiriza kutiuza zonse: galu wathawira kungodya ina, wadutsa pakati pa miyendo yake, ndi wochenjera koma lero wakumana ndi mwini mdima. Kenaka panamveka kulira kwa lata, ndi mfuu.

"Wandiluma! Tsegulani, wandiluma!"

Anatsegula. Anatuluka akudumpha ndi mwendo umodzi, ulusi wa kangaude uli m'tsitsi, magalasi akuda akadali kumaso. Anali ataiwala kuwavula. Pamsongolo pake panali bala lalitali la paipi yadzimbiri. Ankalira kuti galuyo ndi wachiwewe, thovu waliona ndi maso ake, amudule mutu msanga apite nawo kutauni iye asanafe. Palibe amene anasuntha. Anavula magalasi, naphethira, naona Ndatsala ali m'tulo pamapazi anga, phulusa lili thupi lonse, kukamwa kuli yasa, mopanda ndi dzino limodzi lomwe.

Kapitawo anatenga chikwanje chija, nachipereka kwa Chidyaonga, chogwirira chili kutsogolo.

"Lowaninso, achimwene. Amene wakulumaniyo akadali momwemo. Inu nokha ndi amene mumamuona."

Pamenepo akazi analavula nsalu zawo. Kuseka kunayambira pamthunzi, kunafika kwa osoka fodya, kunafika kwa alonda, mpaka ndi wopukuta lilime uja. Chidyaonga anayang'ana khomo lakuda, nayang'ana ife, chikwanje chili m'manja, mwendo uli m'mwamba, osalowa, osachoka. Ine ndinaseka chapansipansi, kuti ndisamudzutse galu.